Malata Amene Atate Anakana Kukhoma

Atate anayamba kumanga nyumba ndi denga. Atangopuma ntchito ya ukalaliki m'boma, anakwera basi kupita kumashopu a ku Kamwala, mu Lusaka, n'kukagula malata makumi asanu ndi limodzi tsiku limodzi. Ankati mtengo wa malata umakwera mwezi ndi mwezi, ndiye munthu woganiza amagula lero. Tsiku limenelo tinalibe ngakhale buloko limodzi. Malata aja anafika ku Kabwata pa lole, oyandikana nawo nyumba anatuluka kudzaona, ndipo atate anaima pambali manja ali kumbuyo ngati munthu amene wamaliza kale ntchito yonse.

Nyumba ya ku Kabwata inali ya kuntchito kwawo, choncho atapuma tinayenera kutulukamo. Inali yaing'ono, koma inali ndi mpopi, magetsi, ndi denga limene sindikumbuka kuti ndinaliyang'anapo n'kamodzi komwe. Ine ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi. Mng'ono wanga anali m'giredi yachinayi, ndipo ndi iye yekha amene anasangalala ndi ulendowo, chifukwa anakwera kumbuyo kwa lole pamwamba pa matilesi.

Malo amene atate anagula anali kutali kupitirira Chelstone. Munthu unkatsika basi pamsewu waukulu wopita kum'mawa, n'kuyenda wapansi mphindi makumi anayi m'kanjira ka fumbi kodutsa m'minda ya chimanga ya eni dera. Tinapeza udzu, zitsa ndi mtengo umodzi wa mango. Atate anatitengera pakati pa udzuwo n'kuloza pansi.

"Apa ndiye pazankhala nyumba ikulu," anatero. "Mabedirumu folo." Kenaka analoza kungodya ya puloti, chakufupi ndi mango uja. "Uku tizaika kakabini. Ni tempolale chabe."

Kakabini kaja kanali ka zipinda ziwiri. Mabuloko ake anawamanga ndi dothi m'malo mwa simenti, kuti tsiku lina adzawachotse osasweka n'kukawagwiritsa ntchito kunyumba yaikulu. Pamwamba anayala malata khumi ndi anayi, koma sanakhome msomali ngakhale umodzi. Anangosanjikapo miyala, mabuloko ndi matayala anayi akutha. Chifukwa chake chinali chomveka ndithu: lata likabowoledwa kamodzi, mabowo ake sadzagwirizana ndi mitengo ya denga lina, ndiye lidzadontha. Si atate okha amene amachita zimenezi. Mukayenda m'mapuloti ozungulira Lusaka muona miyala pamadenga a tinyumba tambiri. Koma anzathuwo amatero dzinja limodzi, mwina awiri. Ife tinakhala pansi pa matayala aja madzinja asanu ndi anayi.

Denga lodontha pamalo amodzi munthu umalizolowera. Umaika beseni pomwepo n'kuiwala. Lathu linkasintha maganizo. Mphepo ikawomba inkasuntha malata pang'ono chabe, ngati chala chimodzi, ndipo polumikizana pake pankatseguka. Madzi ankalowa, n'kuyenda ndi mtengo wa denga, n'kukagwera kumene afuna okha. Lero pa bedi, mawa pa thumba la ufa, mkucha pa mabuku anga. Mvula ikangoyamba tonse tinkaimirira, maso kumwamba, aliyense beseni kumanja, kudikira kuti iyambira kuti. Ikatha, atate ankakwera pamwamba n'kumakankha malata ndi phazi kuwabwezera m'malo, uku akuimba nyimbo ya kutchalitchi chapansipansi.

Malata otsala aja, makumi anayi ndi asanu ndi limodzi, anali ndi moyo wina. Atate anawayalira matabwa kuti asakhudze nthaka, anawafunditsa pulasitiki yakuda yokhuthala, n'kumanga ndi waya mbali zonse. Lamulungu lililonse tikabwera kutchalitchi ankawavundukula, kuwapukuta ndi kansalu ka mafuta, n'kuwafunditsanso bwinobwino. Pabanja pathu ponse, amene sanagonepo ponyowa anali malata amenewo.

Amayi anali osoka. Makina awo anali opalasa ndi mapazi, ndipo ku Kabwata anthu ankabwera okha pakhomo kudzayezetsa. Kupuloti kuja panalibe woyenda mtunda wonse uja chifukwa cha diresi, ndiye amayi ankanyamula zosoka m'chikwama kupita nazo kumsika wa Chelstone n'kubwera ndi nsalu zina. Ankasoka mayunifomu a ana a sukulu ndi mabulauzi oyera a amayi a chigwirizano kutchalitchi kwathu. Madzi a padenga lathu sanali oyera. Ankadutsa pansi pa matayala ndi pamitengo yafumbi, ndiye dontho limodzi pa bulauzi yoyera linkasiya banga lofiirira losachoka. Ndinaona amayi akumasula kolala yonse imene anali atamaliza kale, ulusi uli pakamwa.

Dzinja lachiwiri anayamba kutsokomola. Makoma a dothi aja ankamwa madzi n'kuchita nkhungu yakuda m'munsi, matilesi ankanunkha chinyontho mpaka mu Meyi. Chifuwa cha amayi chinayamba kulira ngati kapito akamapuma. Ndinawaperekeza kukiliniki ku Chelstone, kumene anamwino anati ndi mphumu, n'kufunsa ngati nyumba imene amagonamo ndi yonyowa.

"Pang'ono chabe," anayankha amayi.

Ndinawayang'ana mpaka anatembenukira kukhoma. Pobwerera m'basi sindinawalankhule, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati ndinakwiyira bodza lawolo kapena manyazi amene anawanamitsa.

Sikuti amayi sankapempha. Ankapempha chaka chilichonse, mu Okutobala, mitambo ikayamba kusonkhana. Ankadikira atate adye kaye, kuwapatsa madzi osamba m'manja, kenaka n'kugwada pambali pa mpando wawo monga anawaphunzitsira kwawo ku Katete.

"Atate a ana, mvula ili pafupi. Olo chabe malata ya kuchipinda chogona, mukhomeko. Chifuwa ichi chinivuta."

Atate sankakalipa. Chimenecho ndiye chimandipsetsa mtima kuposa zonse. Ankayankha mofatsa, mwachikondi ndithu, ngati akufotokozera mwana chifukwa chimene sangadyere mbewu.

"Amake mwana, mufuna tiononge malata pa nyumba ya tempolale? Pililani pang'ono. Chaka cha mawa tizangena m'nyumba ikulu."

Akanakhala chidakwa, kapena munthu womenya mkazi, bwenzi ndikudziwa powagwira. Koma anali mkulu wa mpingo, wosamwa mowa, wodzuka m'mamawa kukalima, ndipo anthu ankatiuza kuti tili ndi mwayi kukhala ndi atate oganizira za kutsogolo. Ankaganiziradi za kutsogolo. Anali atasamukira kale kumeneko, n'kutisiya ife muno.

Nyumba yaikulu ija inkakwera mwa apo ndi apo. Chaka chachiwiri anathira silabu. Kenaka mizere iwiri ya mabuloko, chaka china itatu, chaka china osakhudza n'komwe. Pofika chaka chachisanu inali pamawindo, ndipo inaima pomwepo. M'chipinda chimene chinayenera kukhala changa munamera papaya, mbuzi za anansi zinkabisalamo dzuwa, amayi ankayanika chimanga pasilabu. Koma mlendo aliyense atate ankamuyendetsa m'makoma opanda denga aja, kumuonetsa kuti apa ndi podyera, apa ndi pasamba alendo, n'kumuuza kuti asamale sitepe imene kunalibe. Zinthu zabwino zonse zinkadikira nyumba imeneyo. Sofa ya ku Kabwata inaimikidwa choimirira pakona itakutidwa pulasitiki. Mbale zadothi za amayi zinali m'makatoni pansi pa bedi. Ife tinkadyera m'mbale zapulasitiki ndi kukhala pa zidebe zovundikira, n'kumati zonsezi n'zakanthawi.

Chaka chachinayi, Loweruka lina masana mu Novembala, kunabwera mphepo yamkuntho. Atate anali kumsonkhano wa akulu a mpingo. Tinamva matayala akugubuduka pamwamba, kenaka kunawala m'nyumba, malata awiri atapita. Anali a pakona pamene panali makina. Mvula inakhuthukira mkati ngati wina akutsanula chidebe. Amayi anavula chitenje n'kufunditsa makina, kenaka anawagonera ndi thupi lawo, msana uli kumvula, mulu wa mayunifomu ukusambira pansi. Ine ndi mng'ono wanga tinathamangira malata aja, ndipo tinakawapeza m'munda wa anansi atadula chimanga chaching'ono mzere wonse.

Atate atafika mvula inali itakata. Anadutsa amayi pakhomo akufinya mayunifomu, n'kulunjika pamene tinagoneka malata aja. Anagwada, nayendetsa dzanja m'mphepete mwa lata limodzi, kenaka linalo.

"Siyanapindike maningi," anatero. "Tili na mwayi."

Mawa lake anapita kwa wokonza magalimoto kumsewu waukulu n'kubwera ndi matayala ena awiri. Amayi anakhala sabata yonse akupuma mobanika, atatsamira khoma, osatha kugona chagada.

Nkhaniyo inafika kwa amalume, mlongo wawo wa amayi amene ankakhala ku Makeni. Anabwera Lamulungu lotsatira, anazungulira kanyumbako kamodzi, n'kunena kuti misomali agula iwo, hamala abwera nayo, atate angovomera.

"Mulamu, nkhani si misomali," anatero atate, nkhope itauma. "Misomali ningagule neka. Pali pulani."

Amalume anamwa tiyi wawo n'kumapita. Atachoka, atate anafunsa amayi, mofatsa monga mwa nthawi zonse, chifukwa chimene anatulutsira kunja nkhani za m'nyumba. Amayi anapepesa. Ndinali pomwepo ndikutsuka makapu, ndinamva amayi anga akupepesa chifukwa chonyowa, ndipo ndinapitiriza kutsuka makapu.

Apa ndiyenera kunena za ine, chifukwa n'kosavuta kulemba za atate okha. Kusukulu ndinkanena kuti ndimakhala ku Chelstone. Anzanga tikakwera basi limodzi ndinkatsikira pamsika, kuwatsazika, kuzungulira kuseri kwa mashopu, n'kukakwera ina yopitirira. Palibe mnzanga ngakhale mmodzi amene anafikapo kwathu. Mumtima ndinkawakalipira atate tsiku ndi tsiku, mawu akuthwa okhaokha, koma pamaso pawo sindinatsegulepo pakamwa za denga. Kwathu mwana wamkazi sauza atate ake kamangidwe ka nyumba. Ndinkadziuza choncho, ndipo zinkandipeputsa.

Nditamaliza koleji ndinapeza ntchito mu ofesi ina m'tauni, n'kuchita lendi chipinda ku Chelstone. Bodza langa lija linasanduka choona. Chipindacho chinali ndi siling'i, koma mvula yoyamba itagwa ndinadzipeza ndaimirira pakati ndikufunafuna beseni. Kupuloti ndinkapita Lamulungu, nditanyamula mankhwala opopera m'kamwa a amayi, shuga, nthawi zina bulangete. Chaka china ndinawagulira mabeseni atatu atsopano, aakulu bwino, ndipo pobwerera m'basi ndinkadziona ngati mwana wosamala makolo.

Ndiye kunabwera mwamuna amene ndinakwatiwa naye. Kwawo kunali ku Woodlands, banja la Apentekosite, atate ndi amayi ake onse a ntchito zapamwezi, nyumba ya mpanda ndi geti yamagetsi. Ndinamuuza kuti makolo anga akumanga pafamu, zimene sizinali bodza kwenikweni. Tinagwirizana kuti amalume ake ndi akulu ena adzabwera Loweruka lina mu Januwale kudzandifunsira, atanyamula mbale zovundikira monga mwa mwambo. Linali dzinja lathu lachisanu ndi chinayi.

Lachinayi la sabata imeneyo ndinapempha tchuthi kuti ndikathandize kukonza pakhomo. Nditatulukira pokhota kanjira, ndinaona kanyumba kathu monga akanakaonera munthu wokhala m'galimoto. Matayala asanu ndi limodzi, miyala, mabuloko osweka, chitsulo cha bedi lakale chimene atate anaonjezerapo chaka china. Thukuta linandituluka. Atate anali kupalira pafupi ndi mulu wawo wa malata. Sindinalowe n'komwe m'nyumba kukapereka moni kwa amayi. Ndinapita kwa atate chikwama chili paphewa.

"Atate, ba ku Woodlands babwela pa Satade na mamotoka. Matayala aja pamwamba, bazatiganizila bwanji?"

Atate anatsamira khasu n'kuyang'ana denga nthawi yaitali, ngati akuliona koyamba.

"Mm," anatero. "Wakamba zoona. Bazatiseka."

Basi. Panalibe za pulani, panalibe za chaka cha mawa. Lachisanu m'mamawa anavala jekete n'kupita kumsewu, ndipo dzuwa lisanatenthe anali atabwera ndi kaphukusi ka misomali ya zipewa, pambuyo pawo pakubwera mmisiri wa matabwa amene ankakhala kutsidya kwa kamtsinje, bambo wachikulire wa makwerero ake paphewa. Mmisiriyo anayamba kugwetsa matayala, limodzi limodzi, akugubudukira m'udzu.

Amayi anali atatulutsa makina pansi pa mango kuti aone bwino, akumaliza diresi limene ndinayenera kuvala mawa lake. Pambali pawo nyemba zinali pambaula. Palibe amene anawauza kanthu. Msomali woyamba utalira, mapazi awo anaima. Sanatembenuke. Anangokhala choncho, manja ali pansalu, kumvetsera. Mmisiri uja anali wachangu, ankamenya katatu msomali n'kulowa, n'kusuntha, katatu, n'kusuntha. Pamene ankatsika makwerero n'kumapukuta manja m'thalauza, nyemba zija zinali zisanapse.

Atate anazungulira kanyumbako akumwetulira, anabwerera m'mbuyo mpaka pokhota kanjira kuti akaone ngati mlendo, kenaka anabwera pansi pa mango.

"Manje yaoneka monga nyumba. Mwaona, amake mwana?"

"Naona," anatero amayi, n'kuyambanso kupalasa.

Ine ndinasangalala. Ndikunena chifukwa ndi zoona. Ndinabisa matayala aja kuseri kwa makoma a nyumba yaikulu, ndinasesa bwalo lonse, ndipo mtima wanga unali m'malo kwa nthawi yoyamba sabata imeneyo.

Alendo anabwera ndi magalimoto awiri. Sofa inatulutsidwa m'pulasitiki, mbale zadothi zinatuluka m'makatoni. Akuluakulu analankhulana mwaulemu, ndinaitanidwa, ndinavundukula mbale, kunja kunamveka nthungululu. Sikunagwe mvula tsiku limenelo. Ndinkawayang'anitsitsa alendo aja kuyambira potsika galimoto mpaka pokwera, ndipo palibe ngakhale mmodzi amene anakweza maso kuona denga. Chakumasana anali atapita.

Atate anavula jekete n'kukhala pasofa, miyendo atatambasula. Mng'ono wanga anapita kuchitsime. Ine ndi amayi tinatsala kuseri kwa nyumba ndi mulu wa mbale, iwo akutsuka, ine ndikupukuta. Ndinali ndisanavule diresi lija. Ndinkawafotokozera za azakhali ake a mwamunayo, mmene anandiyang'anira nsapato, ndipo amayi ankangoti mm. Kenaka anafunsa, maso ali m'beseni.

"Iwe, atate ako unawapempha kangati?"

"Za chani, amai?"

"Za malata."

Ndinapukuta mbale youma kale. "Kamodzi."

"Unagwada?"

"Iyayi. N'nali chiimilile."

Amayi anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anatsukuluza mbale ina, anaiyang'ana kudzuwa, n'kundipatsa. Chifuwa chawo chinkalira pang'ono chifukwa chowerama.

"Unakamba kuti chani?"

"Kuti alendo bazatiseka."

"Oho," anatero, manja ali m'madzi. "Ine zaka zonsezi n'nali kukamba za mvula."

Sanalire ndipo sanandidzudzule. Anatenga mbale ina n'kupitiriza.

Atate ndimawakwiyirabe, ndipo sindikuona kuti zidzatha. Denga lija silinadonthenso, koma mphumu ya amayi inatsala, ndipo imawagwira nyengo yozizira iliyonse. Chimene chimandivuta kwambiri ndi china. Atate anga ndinkawadziwa bwino, ndinkadziwa chimene amaopa, chifukwa ndi chomwecho chimene chinkanditsitsa basi pamsika wa Chelstone. Mawu owachititsa kukhoma denga lija ndinali nawo kuyambira ndili pasukulu, amayi akutsokomola m'chipinda chinacho, ndipo ndinawatulutsa pokhapokha tsiku limene manyazi anali anga.